Nkhuku ya amalume yomwe inaimitsa ndege ku Joni

Kuntchito kwathu mukatchula dzina langa anthu ambiri amakanda m'mutu, koma mukangoti "mtsikana wa nkhuku uja", ngakhale osesa m'ndege akulozerani. Nkhaniyi yayenda kwambiri moti ena akumati ndinalowa m'ndege ndi tambala wamoyo, ena akuti ndinamubisa m'sutikesi. Zonsezo n'zabodza. Zoona zake n'zochititsa manyazi kuposa pamenepo, ndiye ndati ndizifotokoze ndekha kuti mukamandiseka muzindiseka zondiyenera.

Ine kwathu ndi ku Zemba, m'boma la Chadiza, ndipo chaka chathachi ndinalembedwa ntchito ya m'ndege. Ntchito yake ndi ija yomwetulira pakhomo, kuonetsa anthu kamangidwe ka lamba, ndi kukankha katololi ka tiyi mpaka mapazi kutupa. Koma uthenga ukanyamuka ku Lusaka umafika ku Zemba utanenepa. Pofika Lamlungu amayi anali atauza tchalitchi chonse kuti mwana wawo akuyendetsa ndege. Ndikanatha kukonza. Sindinakonze (inuyo mukanakonza?). Kuyambira pamenepo ndege iliyonse yodutsa pamwamba pa munda wathu wa thonje, ngakhale ija yooneka ngati kadontho kokoka utsi, amayi amaponya khasu pansi n'kumaibayibitsa ndi duku. Ena akandipeza amandifunsa ngati malata awo atsopano amaoneka bwino ndikamadutsa. Ndimati amawala kwambiri.

Kusukulu ya ntchitoyi anatiphunzitsa zambiri, kuzimitsa moto, kusambira titavala zovala, kutulutsa anthu mwachangu ndege ikachita ngozi. Chimene sanatiphunzitse ndi kusiya ulemu wakumudzi pageti. Ulendo wanga woyamba unali wa ku Ndola, ndipo pakhomo ndinkapatsa munthu aliyense moni weniweni, wofunsa ndi kunyumba komwe, mpaka mzere unakafika pansi pa masitepe. Tili m'mwamba ndinaona bambo wina wa imvi mbuu, wofanana ndi akatekisiti akwathu. Mawondo anangopinda okha. Ndinagwada pakati pa kanjira, kapu ya tiyi ndaigwira ndi manja awiri, ndipo katololi kamene ndinakasiya osamanga buleki kanapitiriza ulendo kokha mpaka kukagunda chitseko cha chimbudzi.

Mkulu wathu ndi Mayi Tembo, mayi wamtali wa magalasi, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, amene panalibe ankadziwa kwawo (ena ankati anabadwira m'ndege momwemo). Titatera anandiitanira kumbuyo n'kundikumbutsa kuti ndidakali pa pulobeshoni, nthawi ija amakuyesa kaye asanakukhazikitse pantchito. Anati cholakwa choyamba amakhululuka, chachiwiri amakusonyeza kumene amakwerera basi ya kwanu. Ndinalumbira mumtima kuti mawondo anga sadzapindanso m'ndege ya eni ake.

Patapita milungu ingapo dzina langa linatuluka pa ulendo wa ku Johannesburg, wokagona konko. Tinkayenera kufika madzulo, mawa lake usana wonse n'kukhala wathu, kenako basi ya kampani n'kudzatitenga pahotela sikisitini awazi, ndiye kuti folo koloko madzulo. Mnzanga Mutinta, amene anali atapitako kale, anandilonjeza kuti akandionetsa masitolo okwera ndi masitepe oyenda okha, komanso nyumba yaitali yoti ukakhala pamwamba umaona mzinda wonse. Ndinagula magalasi adzuwa. Ndinkadziona kale pa sitetasi ya watsapu, ndikuyang'ana kumbali ngati sindikudziwa kuti akundijambula, anzanga amene tinaphunzira limodzi paboma akumeza malovu.

Kulakwa kwanga koyamba pa nkhani ya ku Joniyi kunali kupita kumudzi masiku opuma, ulendowo usanachitike. Ndinkati ndikaone amayi, koma zoona zake ndinkafuna kukaonedwa. N'chifukwa chake kampango ka yunifolomu sindinakavule m'khosi kuyambira pa Chipata mpaka paboma, m'minibasi yotentha ngati uvuni wa njerwa. Nditangotchula Joni, amayi anasiya kuswa nsawa.

"Ndiye ukagona kwa amalume ako," anatero.

Amalume a Gelevazio ndi mlongo wawo wa amayi. Anapita ku Joni ine ndidakali kumsana, ndipo sanabwereko. Ndinafotokoza kuti kampani imatigoneka kuhotela.

"Kuhotela? Mlongo wanga ali moyo?"

Tinakokanakokana mpaka tinagwirizana kuti kugona sindikagona, koma ndikawatulire kaphukusi ka mfutso wa nkhwani ndi nsinjiro. Ndinafunsa kuti amakhala mbali iti. Amayi anati ku Joni komweko, ngati kuti Joni ndi paboma, pamene ukafunsa wogulitsa tomato pamsika amakulozera nyumba n'kukuuzanso kuti eni ake atuluka.

M'mutu mwanga zonse zinali zophweka. Ndidzuka m'mawa, ndikapereka phukusi pasiteji, ndigwira chanza, ndibwerera, pofika masana ndili pa masitepe oyenda okha ndi Mutinta. Hotela yake inali yoti bedi lake umachita mantha kuligonera, kuopa kulidetsa. M'mawa anayala zakudya pa matebulo ataliatali ngati paukwati wa mwana wa nduna, aliyense kudzitengera yekha. Ine ndinangodutsa. Ndinati ndisunge mimba, ndikadye zojambulika kumasitolo (kumbukirani zimenezi mukamandimvera chisoni). Ndinavala jinzi ndi magalasi aja, chitenje n'kuchipinda m'kachikwama.

Amalume anali atanditumizira malangizo pafoni. Minibasi za kumeneko sizikuwa kumene zikupita ngati zakwathu, munthu umaimika ndi zala, ndipo chala chilichonse chili ndi dera lake. Ine ndinaimika ndi dzanja lonse monga timachitira pa msewu wa ku Chipata, ndipo zinandidutsa zingapo madalaivala akundiyang'ana ngati ndikuwapatsa moni. Mayi wina wogulitsa malalanje ndiye anandigwira dzanja n'kundipindira zala. Ndinakwera minibasi ziwiri, mtunda wake ngati kuchoka paboma kukafika ku Chipata n'kupitirira. Mzinda ndinauona ndithu, pawindo, ukubwerera m'mbuyo.

Pasiteji ya komboni yawo ndinapeza bambo wochepa thupi, atavala jekete la suti dzuwa likuswa mtengo. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anavula chipewa, misozi n'kuyamba kutsika. Anati ndatenga nkhope ya amayi awo, agogo anga, amene anamwalira iwo ali kunja ndipo sanathe kukawaika. Ndinamva chisoni chenicheni. Munthu wotere sungamupatsire phukusi pasiteji ngati kondakitala. Ndinavula magalasi, ndinakulunga chitenje pamwamba pa jinzi, n'kuwatsatira. Ndinadziuza kuti ndikangomwa madzi basi.

Amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, ndi akazi awo anaBanda, a ku Mchinji. Anandiyalira kakapeti pansi, anandipatsa madzi, tinakhala kaye chete, kenako tinapatsana moni. Phukusi analilandira ndi manja awiri, analinunkhiza, n'kuliika pambali. Atatero amalume anakhosomola n'kunena kuti timve malonje.

Malonje ndimawadziwa, ndinakulira momwemo, kungoti ndinkaganiza kuti ku Joni amawafupikitsa. Ndinati ndanyamuka dzulo ku Lusaka, ndayenda bwino, kumudzi onse ali bwino. Ndinamwetulira ngati ndamaliza kulengeza za malamba.

Amalume anandiyang'ana ngati ndawapatsa mbale yopanda kanthu.

"Ku Lusakako unachita kumera? Yambira pa Zemba."

Ndinayambira pa Zemba. Ndinanena mmene ndinadzukira, amene anandikweza panjinga mpaka paboma, mmene mvula inagwera chaka chino, feteleza amene anafika chimanga chitamasula kale, ogula thonje ndi masikelo awo, ndi kamlatho kamene aliyense wofuna mavoti amadzajambulitsapo. Ndikamaliza chigawo, amalume ankatembenukira kwa anaBanda, amene anakhala pafupi moti mawondo awo ankagundana ndi anga, n'kuwabwerezera zonse kuyambira pachiyambi. AnaBanda ankaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti amva. Kenako ine n'kupitiriza.

Titatha amoyo tinalowa kwa akufa. Musaganize kuti amalume sankadziwa. Foni ali nayo, pa gulu la watsapu la banja alipo, ndipo maliro aliwonse amatumiza uthenga wa mawu wopepesa. Koma kwa iwo maliro a pafoni ndi mphekesera chabe. Munthu amafa zenizeni akamutchula wochokera kumudzi, atakhala pansi. Ankatchula dzina, ine n'kuti anatisiya, tonse n'kuweramitsa mitu, iwo n'kufunsa kuti anadwala chiyani, anaikidwa mbali iti ya manda, analankhula m'malo mwa banja ndani. Zaka zonse zimene iwo anakhala kunja, Zemba inali ikuika anthu, ndipo tsiku limenelo tinawaikanso onse mmodzimmodzi. Pansi pa chitenje foni yanga inkangonjenjemera. Nditasuzumira mwakuba ndinaona Mutinta atanyamula ayisikilimu wamkulu ngati mutu wa mwana, kumbuyo kwake madzi akuthovokera m'mwamba pakati pa sitolo.

Apo n'kuti anthu atayamba kufika. Komboni imeneyo ili ndi anthu akwathu ambiri, a ku Katete, a ku Vubwi, a ku Mchinji, ndipo onse anali atamva kuti kwa a Gelevazio kwabwera mwana woyendetsa ndege. Aliyense wolowa ankayenera kulandira malonje ake. Mwayi wake ankafotokoza ndi amalume, tsoka lake ankawonjezera. Pofika kwa alendo omalizira ndinali nditatera ndi ndege m'chimvula cha matalala, injini imodzi itazima, azungu akulira kumbuyo. Ine ndinkangoyang'ana pansi modzichepetsa, ndipo ndivomere, zinkandikomera.

Dzuwa litafika pamutu ndinayamba zija timachita tikafuna kutsazika, kukonzakonza chitenje, kusuntha kachikwama, kuthokozanso madzi amene ndinamwa kalekale. AnaBanda anazindikira. Ananong'oneza amuna awo kuti mufiriji muli zidutswa za nkhuku ya m'sitolo, akhoza kukazinga msangamsanga kuti mwana adye azipita. Mayi ameneyo Mulungu amudalitse. Koma amalume anakwiya ngati awatukwana.

"Mwana wa mlongo wanga adye nkhuku yopanda mutu, yosadziwika kuti inafa liti? Akanene chiyani kumudzi?"

Anavala chipewa n'kunena kuti akubwera pompano, pali munthu wina chapafupi amaweta nkhuku zachikuda. Analoza ndi mlomo, ndipo nditaona kutalika kwa mlomowo mtima unandigwa. Ndinatsala ndi alendo aja, ndikuyankha mafunso. Wina anafuna kudziwa ngati ndege ili ndi giya yobwerera m'mbuyo, wina ngati m'mwamba muli mabampu, wina ngati ndingamupezere mwana wake malo ngakhale a ukondakitala. Ndinayankha onse molimba mtima, ndipo Mulungu andikhululukire zimene ndinayankha.

Amalume atabwera anali atapanira m'khwapa tambala wamkulu wofiira, wa miyendo ngati ya munthu wopalasa njinga ya makala. Anaima patsogolo panga n'kunditambasulira.

"Ndiwo zako ndi izi, mwana wanga."

Apa ndi pamene ndinafera. Aliyense wakwathu amadziwa kuti nkhuku akakuonetsa yamoyo, iwe n'kuilandira, yatheka, ndi yako, ndipo suchoka pakhomopo usanadye nthutumba yake. Mutu unkandiuza kuti ndipepese manja ali kumbuyo. Koma thupi langali lili ndi mwambo wake, silifunsa mutu. Ndinangopezeka ndagwada, tambala ali m'manja, mtima wake ukugunda mofanana ndi wanga, ine ndikuthokoza.

Amalume akunyamuka kuti apite naye kuseri ndi mpeni, ndinayesa kufotokoza mwaulemu kuti basi ya kampani imanyamuka sikisitini awazi, ndipo ndege sidikira munthu. Amalume anaseka, alendo onse n'kuseka nawo.

"Ndege yako yomwe ikusiye? Nanga aiyendetsa ndani?"

Apo ndikanangonena chilungamo, kuti amalume, ine ndimapereka tiyi. Koma ndinayang'ana nkhope yawo, jekete lija, ndi anthu amene anawaitana kudzaona chimene banja lathu latulutsa. Ndinakumbukiranso matalala ndi azungu olira aja, amene ndinawavomereza ndekha ndi kumwetulira. Ndinaseka nawo. Ndinati n'zoonadi, aiyendetsa ndani.

Tambala atangolowa mumphika, magetsi anazima. AnaBanda sanadabwe n'komwe, anati ndi nthawi yake, n'kutulutsa pulayimasi ya palafini imene moto wake unali ngati wa kandulo. Tambalayo naye anali wachikulire, woti anaona zambiri. Akamubaya ndi foloko, foloko inkabwerera. AnaBanda ankathira madzi ena, kuvundikira, n'kundiyang'ana ndi maso opepesa. Amalume anali atafika pa nkhani ya malire a munda wa agogo, ndipo ankajambula malirewo ndi chala pakapeti kuti ndikawafotokozere akumudzi. Ndinkaganiza za minibasi ziwiri zija, ndipo nthawi iliyonse chivundikiro chikatseguka ndinkaona nkhope ya Mayi Tembo mu nthunzi.

Itadutsa fifitini awazi Mutinta anasiya kutumiza zithunzi n'kuimba. Ndinatuluka panja. Anati ena ayamba kale kutsitsa masutikesi, ndipo Mayi Tembo agogoda pachitseko changa, kenako afunsa za ine akumwetulira. Amene amawadziwa Mayi Tembo akudziwa kuti kumwetulira kumeneko n'kotani.

Ndinaganiza za basi yobwerera kwathu, ndi mmene ndingatsikire paboma ndi sutikesi ya kampani ntchito palibe. Mantha anapambana ulemu. Ndinalowa, ndinagwada pamaso pa amalume, n'kunena kuti ndapita.

Amalume anasiya kujambula malire pakapeti.

"Ukupita nkhuku ili pamoto?"

"Andichotsa ntchito, amalume."

AnaBanda anathamangira kumphika kuti avuule nthutumba andikulungire m'pepala, koma amalume anawaletsa ndi dzanja.

"Siyani. Si galu ameneyu, woti timuponyere akuyenda."

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo akundipwetekabe. Alendo aja, amene posachedwapa ankandifunsa za magiya, aliyense anapeza choyang'ana padenga.

Mukuganiza kuti apa ndinathamanga? Mlendo amaperekezedwa, ngakhale atalakwa. Amalume anavala chipewa, ananyamula kachikwama kanga (mmene munali pasipoti ndi kiyi wa kuhotela), n'kutsogola, mayendedwe ake a popita kumanda. Sindikanawapitirira, ndipo chikwama sindikanawalanda. Ine sankandilankhula, koma aliyense wokumana naye panjira ankamuimira n'kumupatsa moni wokwanira, wofunsa ndi ana omwe. Pasiteji anandipatsa chikwama nkhope ili kwina, n'kunena kuti ndikapereke moni kwa amayi. Minibasi nayo inadikira kaye kuti idzaze.

Pofika kuhotela basi inali itapita kalekale. Ndinakoka sutikesi, ndinalumphira m'takisi, n'kuvala yunifolomu pampando wakumbuyo nditadziphimba chitenje, monga timachitira kudambo. Njira yonse ndinkapemphera kuti ndege ikhale itapita, ndikalire ndekha pabenchi popanda wondidziwa. Ndinaiwala chimene anatiphunzitsa, kuti ogwira ntchito m'ndege akaperewera ndege sinyamuka, ndipo kudziko la eni kulibe wina woti alowe m'malo mwako. Amalume ananena zoona. Ndege sinandisiye.

Inali itadzaza, anthu atamanga malamba kalekale, kaputeni atalengeza kuti tikudikira mnzathu mmodzi. Nditangolowa, wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, ndege yonse n'kulandira. Mayi Tembo anali pakhomo, mano onse panja. Anandinong'oneza m'Chingerezi kuti ndivule chitenje. Chinali chidakali m'chiuno, pamwamba pa siketi ya kampani.

Tili m'mwamba, m'mimba mulibe kanthu chidzukire kupatula madzi a anaBanda, ndinakankha katololi mzere ndi mzere ndikufunsa munthu aliyense ngati akufuna nkhuku kapena ng'ombe. Ambiri anasankha nkhuku.

Ku Lusaka anandiitanira ku ofesi. Mutinta anandilangiza kuti ndikanene kuti ndinakumana ndi akuba, poti za ku Joni aliyense amakhulupirira. Ndinaloweza bwinobwino, mpaka mtundu wa malaya a akubawo. Koma nditakhala pamaso pa Mayi Tembo, iwo n'kunena kuti ndifotokoze zimene zinachitika, bodza linakana kutuluka. Mwina ndinali nditatopa nawo mabodza. Ndinayambira pa Zemba. Ndinanena za phukusi, za akufa, za kuyendetsa ndege, za nkhuku, za magetsi, zonse, ndikudziwa kuti ndikudzichotsa ndekha ntchito.

Anamvetsera osandidula. Nditamaliza ananyamuka, anatseka chitseko, n'kuvula magalasi. Atatsegula pakamwa, Chingerezi cha m'mphuno chija panalibe. Chinatuluka Chichewa cha ku Katete, chosasefa.

"Anakuonetsa yamoyo?"

"Inde."

"Unaigwira?"

"Ndinaigwira."

"Ndiye unadya?"

"Sindinadye. Ndinaisiya pamoto."

Anagwira pakamwa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana. Ndege wachedwetsa, nkhuku wasiya pamoto. Ukanasankhako chimodzi."

Kenako anavala magalasi, Chingerezi n'kubwerera. Pulobeshoni anaitalikitsa, maulendo akunja anandichotsa mpaka adzaone kusintha, ndipo anati limeneli ndi chenjezo lomaliza. Ntchito inatsala, yolendewera pa kaulusi. Ndinatuluka osadziwa kuti pa milandu iwiri ija umene unawakwiyitsa kwambiri ndi uti.

Nditapita kumudzi ndinkayembekeza kuti andipepesa. Koma uthenga wa amalume unali utafika kale, wa mawu, wautali, ndipo amayi anali ataumvetsera limodzi ndi abale onse pansi pa mtengo wa mango. Anandipatsa madzi, anandipatsa moni, koma malonje sanandifunse. Kwathu palibe chilango choposa chimenecho. Ndinayamba ndekha kufotokoza za ntchito, za anthu odzaza ndege, ngakhale za tiyi ndinaulula. Za tiyizo sizinawakhudze n'komwe, anangoti ntchito ndi ntchito. Iwo anali pa nkhuku. Mlongo wawo, amene wakhala zaka zonsezi osaona munthu wa magazi ake, anachititsidwa manyazi pamaso pa anthu a ku Katete ndi a ku Mchinji, ndipo mlandu wotere suthera pafoni. Chigamulo chinali chakuti ndibwerere, ndikagwade, ndikadye.

Ndinati ku Joni andiletsa.

"Ndiye gwira ntchito bwino akubwezere," anatero amayi.

Panopa mukakwera ndege ya ku Ndola kapena ya ku Livingstone, n'kuona mtsikana wofika aliyense asanafike, wa moni waufupi, wosaseka ndi munthu, ndine. Mayi Tembo akuti ndikapitiriza chonchi andibwezera pa ulendo wa ku Joni chaka chisanathe. Anzanga amaganiza kuti ndikulimbikira chifukwa cha masitolo. Sadziwa za chithunzi chimene anaBanda ananditumizira mwakabisira. Tambala uja anapsa tsopano, ndipo ali mufiriji, m'chigubu cha pulasitiki, chivundikiro chomangidwa ndi mphira. Amalume analamula kuti asamukhudze munthu, ndi wa mwana wa mlongo wawo. AnaBanda akuti magetsi kumeneko akuzimabe tsiku ndi tsiku, firiji imasungunuka n'kuumanso, ndipo iwo chigubucho anasiya kuchitsegula.

Mukandifunsa chimene ndaphunzirapo, ndikhoza kukuuzani zanzeru zambiri za kusunga nthawi ndi kunena zoona. Koma ndimadzidziwa. Tsiku lobwerera kwa amalumelo ndidzakhala pansi, adzanditsegulira chigubu, ndipo ndidzadya mpaka nthutumba, mosafulumira. Za ndegeyo, ndi za m'mimba mwanga tikadzakhala m'mwamba, Mayi Tembo adzaona chochita.